Rediyeta Yaikulu ndi Ulendo wa Madzi Oziziritsa Kompyuta

 M'nkhani yathu ya sayansi ndi luso lero tikamba za chinthu chimene poyamba chingakudabwitseni, ndicho kuyendetsa madzi m'kati mwa kompyuta. Tonsefe tidakula tikuchenjezedwa kuti madzi ndi magetsi sizikhalira pamodzi. Komabe masiku ano alipo anthu ambiri, makamaka okonza mafilimu, ojambula mapulani a nyumba ndi okonda masewera a pa kompyuta, amene amaika mapaipi a madzi m'makina awo mwadala. Ena mwa iwo amagula rediyeta yaikulu ngati ya galimoto ndi kuiimika pambali pa tebulo.

Funso limene limavutitsa ogula ndi ili: kodi rediyeta ikakula chotere, siilemetsa pampu ndi kuchedwetsa madzi mpaka phindu lake lonse kutha? Funsoli si lachibwana ayi, pakuti zipangizozi ndi zokwera mtengo, zimapangidwa kutali kunja, ndipo munthu akalakwitsa pogula amataya ndalama zambiri, mwinanso kuwononga makina amene amamudyetsa. Tsono tiyeni tiyende nalo pang'onopang'ono, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Kumene kutentha kumachokera

Magetsi onse amene kompyuta imadya amasanduka kutentha. Purosesa yamphamvu, imene ndi ubongo wa kompyuta, ingathe kudya mawati opitirira 200 ikamagwira ntchito yolemetsa. Khadi yojambula zithunzi ya RTX 4090, imene kampani ya Nvidia idatulutsa mu 2022, imadya mawati 450, ndipo ya RTX 5090 ya mu 2025 imafika mawati 575. Kutentha konseku kumatuluka pa kachidutswa kakang'ono ngati sitampa ya kalata. Kukapanda kuchotsedwa msanga, purosesa ikafika madigiri 95 kapena 100 imayamba kudzichepetsa liwiro kuti isapse, ndipo ntchito imene ikadatha m'ola limodzi imakokeka.

Nzeru yogwiritsa ntchito madzi si yatsopano. M'zaka za m'ma 1960 kampani ya IBM ya ku America idali kale kuziziritsa ena mwa makompyuta ake akuluakulu ndi madzi, ndipo makina ake otchedwa IBM 3081, amene idawalengeza mu 1980, adadalira kwambiri njira imeneyi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anthu wamba ku Ulaya ndi ku America adayamba kudzipangira okha zoziziritsira, potenga timarediyeta totenthetsera m'kati mwa galimoto ndi mapampu a m'mathanki owetera nsomba zam'nyumba. Mu 2004 kampani ya Apple idagulitsa makompyuta ena a Power Mac G5 ali ndi madzi oziziritsa kuchokera ku fakitale.

Chifukwa chosankhira madzi nchakuti amanyamula kutentha kwambiri. Mphamvu imene imafunika kutenthetsa lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi ingathe kutenthetsa malita pafupifupi 3,500 a mpweya ndi digiri imodzi yomweyo. Sungani chiwerengero chimenechi, omvera, pakuti tichifunanso kutsogoloku.

Ulendo wa madzi

Madziwo amayenda mozungulira, osatayika. Amachoka m'kathanki kakang'ono nkulowa m'pampu. Pampu imawakankhira m'kabokosi kamkuwa kamene kamamangidwa pamwamba pa purosesa, kotchedwa water block pa Chingerezi. M'kati mwa kabokosika muli timizere tosema tochepa kwambiri, mmene madzi amadzipanikiza podutsa, natola kutentha. Akatero amapita ku rediyeta, kumene amadutsa m'timapaipi tambiri tolumikizidwa ndi tizipsepse tachitsulo topyapyala. Mafani amaomba mphepo m'tizipsepseto, mphepo nitenga kutentha kupita nako m'chipinda, ndipo madzi amabwerera kuthanki kukayambanso ulendo.

Marediyeta amenewa amatchulidwa potsata mafani amene amakwanapo. Fani wamba imakhala ya mamilimita 120 kapena 140. Motero rediyeta ya 360 ndi ya mafani atatu a 120, ndipo ya 420 ndi ya mafani atatu a 140. Aakulu zedi, monga a MO-RA3 a kampani ya Watercool ya ku Germany, amalandira mafani 9 kumbali imodzi, atatu m'litali ndi atatu m'lifupi, kotero kuti salowa m'bokosi la kompyuta wamba. Amaima panja pake.

Kupinga kwa njira

Chilichonse chimene madzi amadutsamo chimawapinga. Khoma la paipi limawakhula, pokhota pamawabweza, ndipo pothina pamawapanikiza. Kupinga kumeneku akatswiri amakuyeza poona mphamvu yokankha imene madzi ataya kuchokera polowera kufika potulukira. Mphamvuyo kawirikawiri imayezedwa m'mamita, kutanthauza msinkhu umene pampu ingakwezere madzi m'paipi yoimirira.

Mapampu awiri otchuka pa ntchitoyi ndi D5 ndi DDC, amene adachokera ku kampani ya Laing ya ku Germany. Pa bokosi la D5 pamalembedwa kuti imapopa malita pafupifupi 1,500 pa ola ndi kukweza madzi mamita osafika 4. DDC yamphamvu imapopa malita pafupifupi 1,000 pa ola, koma imakweza madzi kupitirira pang'ono mamita 5. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Ziwerengero ziwirizi sizichitika nthawi imodzi. Malita ochulukawo amatuluka pamene palibe chopinga chilichonse, ndipo msinkhu wotalikawo umafikidwa pamene madzi aima chilili, osayenda. Ntchito yeniyeni imachitikira pakati pa ziwirizi: zopinga zikachuluka madzi amachepa, zikachepa madzi amachuluka, mpaka pampu ndi njira zitagwirizana pa liwiro limodzi.

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga rediyeta ndikaiika pamwamba pa kabati, pampu siitopa ndi kukweza madzi?" Yankho tilipeza poyerekeza ndi madzi a mumzinda wa Blantyre. Bungwe la Blantyre Water Board limatunga madzi mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry ndi kuwakweza mamita pafupifupi 800 kuti afike mumzinda. Madziwo sabwereranso kumapampu, chotero kulemera konse kwa chitundacho kumagwera makina. M'kompyuta sizili choncho. Njira ikadzaza ndipo mpweya wonse ukatuluka, madzi otsika amakoka madzi okwera, monga ndowa ziwiri zolemera mofanana pa chingwe chimodzi. Pampu imangolimbana ndi kupinga kwa njira basi. Chitunda chimavuta pa tsiku lodzaza madzi lokha.

Malamulo awiri a paipi

Mu 1839 katswiri wa za madzi wa ku Germany, Gotthilf Hagen, ndiponso mu 1840 dokotala wa ku France, Jean Poiseuille, amene ankafufuza kayendedwe ka magazi, adapeza aliyense payekha lamulo limodzi. Pamene madzi akuyenda mwabata m'paipi yopapatiza, kukula kwa bowo ndiko kumalamulira zonse. Mukatalikitsa paipi kawiri, kupinga kumakula kawiri. Koma mukachepetsa bowo lake ndi theka, kupinga kumakula ka 16. Ichi ndi chifukwa chake malo amodzi othina angathe kupinga madzi koposa mamita ambiri a paipi yotakasuka.

Mu 1883 Osborne Reynolds wa ku Manchester adathira utoto m'madzi oyenda m'paipi yagalasi, naonetsa kuti madzi akafulumira amaleka kuyenda mwabata nkuyamba kuvunduka. Madzi ovunduka amapingidwa kwambiri. M'njira ya kompyuta, mmene muli mokhota ndi mothina mwambiri, munthu akafuna kuchulukitsa madzi kawiri amafunika mphamvu yokankha yochuluka katatu kapena kanayi. Lamuloli lili ndi mbali yake yabwino: madzi akachepa ndi theka m'paipi ina, kupinga kwa paipiyo kumatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi.

Kodi yaikulu ndiyo yopinga?

Tsopano tingathe kuyankha funso lathu lija. M'kati mwa rediyeta madzi sayenda m'paipi imodzi. Akalowa amagawikana m'timapaipi tingapo tophwatalala toyenda mondondozana, nafika kumapeto, natembenuka ndi kubwerera kudzera m'timapaipi tina totere. Mutu umodzi susenza denga. Kapaipi kalikonse kamangonyamula gawo lake la madzi.

Chotero kukula kwa rediyeta kuli mitundu iwiri. Ikakula m'litali, ulendo wa madzi umatalika ndipo kupinga kumaonjezereka pang'ono. Koma ikakula m'lifupi kapena kunenepa, timapaipi timachuluka kapena kutakasuka, madzi a m'kapaipi kalikonse amachepa, ndipo kupinga kumatsika. Nzosadabwitsa tsono kuti rediyeta yonenepa ya mamilimita 60 kawirikawiri imapinga madzi pang'ono poyerekeza ndi yopyapyala ya mamilimita 30 imene ili ndi timapaipi tochepa ndi tothina. Ngakhale zimphona zija za mafani 9, zimene zina zili ndi mapaipi amkuwa obulungira okwana mamita opitirira 20 mukawaphatikiza, sizilowetsa madzi onse m'paipi imodzi. Zimawagawa m'mizere ingapo yoyendera limodzi. Kupinga kwake kulipo ndithu, koma sikukula molingana ndi thupi lake.

M'makina ambiri chopinga chachikulu si rediyeta konse, koma timabokosi tija tamkuwa ta pa purosesa ndi pa khadi ya zithunzi, chifukwa cha timizere take tothina. Pambuyo pake pamabwera zolumikizira zokhota ndi zolumikizira zozula msanga, zimene zimatseka madzi zokha munthu akafuna kulekanitsa rediyeta yapanja ndi kompyuta. Chimodzi pachokha sichivuta, koma zikakhala zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi zitatu zimaunjikana. Mapaipi akuluakulu olumikiza ziwalozi, amene bowo lake limakhala mamilimita 10 kapena 13, amapinga pang'ono chabe ngati sadapindike.

Munthu wokhala ndi marediyeta awiri ali ndi njira ziwiri. Angathe kuwalumikiza motsatizana, madzi atuluke mu ina ndi kulowa mu inzake. Pamenepo kupinga kwa awiriwo kumaphatikizana. Angathenso kugawa paipi kuti iliyonse ilandire theka la madzi. Pamenepo kupinga kumatsika kwambiri. Koma njira yachiwiriyi imafuna marediyeta ofanana, pakuti madzi ndi aulesi, amathamangira kofewa, ndipo rediyeta yothinayo ingatsale ndi madzi ochepa.

Madzi okwanira ndi angati?

Apa tiwerengere pamodzi. Lita imodzi ya madzi pa mphindi imanyamula mawati pafupifupi 70 pa digiri iliyonse imene madziwo atenthera. Tiyerekeze kuti kompyuta ikutulutsa mawati 560. Madzi akamayenda lita imodzi pa mphindi, amatentha ndi madigiri 8 pa ulendo umodzi. Akamayenda malita 2, amatentha ndi madigiri 4. Pa malita 4, ndi madigiri 2 okha. Pa malita 8, ndi digiri imodzi.

Onani mmene phindu likuchepera. Kuchoka pa lita imodzi kufika pa malita 2, kusiyanako kwatsika ndi madigiri 4. Koma kuchoka pa malita 4 kufika pa 8, kwatsika ndi digiri imodzi yokha, pamene pampu yafunika mphamvu yokankha yochuluka katatu kapena kanayi, ndi phokoso lake lomwe. Nchifukwa chake odziwa ntchitoyi adazolowera kunena kuti galoni imodzi ya ku America pa mphindi, imene ndi malita 3.8, ndi yokwanira, ndipo ambiri amakhutira ndi yocheperapo. Ngati rediyeta yaikulu yatsitsa madzi kuchoka pa malita 4 kufika pa 3, chotayika sichifika ndi digiri imodzi yomwe pa kuwerengera kwathuku. Vuto lenileni limayamba pamene madzi achepa kwambiri, kufika pa lita imodzi kapena kutsikirapo, pakuti pamenepo timabokosi tamkuwa timalephera kutola bwino kutentha ndipo thovu la mpweya limakanirira m'makona.

Chiwerengero chomwechi chikuthetsa zikhulupiriro ziwiri zofala. Choyamba nchakuti madzi ayenera kuyenda pang'onopang'ono kuti akhale ndi nthawi yozizira m'rediyeta. Zoona zake nzakuti madzi ochedwa m'rediyeta amachedwanso pa purosesa, natentha kwambiri. Madzi ofulumira amataya kutentha pang'ono pa ulendo uliwonse, koma maulendo ake ndi ambiri. Chachiwiri nchakuti rediyeta iyenera kukhala pakati pa purosesa ndi khadi ya zithunzi. Ngati madzi onse m'njira akusiyana ndi madigiri 2 okha, ndondomeko ya ziwalo ilibe kanthu kwenikweni. Chofunika nchakuti thanki ikhale pamwamba pa pampu ndi kuithira madzi mwachindunji, pakuti mapampu amenewa amadalira madzi omwewo kuti asakhulike, ndipo amawonongeka msanga akazungulira ali ouma.

Mphepo ndiyo mwini nkhani

Tibwerere ku chiwerengero chija cha 3,500. Kuti mphepo ichotse mawati 560 aja, iyo nkutenthera madigiri 10, pafunika malita pafupifupi 2,800 a mpweya pa mphindi iliyonse. Madzi malita 4, mpweya malita 2,800! Apa mpoonekeratu kuti pothina penipeni pa ntchito yonseyi si m'mapaipi, koma pamene chitsulo chikumana ndi mphepo.

Mafani akakhala atatu, iliyonse iyenera kukankha malita opitirira 900 pa mphindi kudzera m'tizipsepse, ndipo imalira ngati chigayo chakutali. Akakhala 9, iliyonse imangokankha malita 300 ndi pang'ono, nizungulira mwakachetechete. Limeneli ndilo phindu loyamba la rediyeta yaikulu: bata. Kwa wojambula mawu kapena nyimbo, amene maikolofoni yake imatola ngakhale kaphokoso kakang'ono, bata limeneli ndi gawo la ntchito.

Kuyandikana kwa tizipsepse nakonso nkofunika. Opanga amawerenga tizipsepse topezeka pa inchi imodzi. Marediyeta ena ali ndi 8 kapena 10, ena amafika 20 ngakhale 30. Tizipsepse tothithikana timapereka malo ambiri otayira kutentha, koma timapinga mphepo ndipo timafuna mafani othamanga. Totalikirana timagwirizana ndi mafani odekha. Chimodzimodzinso rediyeta yonenepa: imapinga madzi pang'ono koma imapinga mphepo kwambiri, ndipo mphepo ikamafika kumbuyo kwake imakhala itatentha kale. Motero kuonjezera malo a mafani kumapindulitsa koposa kuonjezera kunenepa.

Nyengo ya kwathu

Mu 1701 Isaac Newton adalemba kuti chinthu chimataya kutentha molingana ndi kusiyana kwa kutentha kwake ndi kwa mpweya wochizungulira. Tanthauzo lake ndi lakuti rediyeta, ikule chotani, singazizire kuposa mpweya wa m'chipinda. Si firiji. Chimene imachita ndi kuchepetsa mpata pakati pa madzi ndi mpweyawo. Ngati rediyeta ina isunga madzi madigiri 20 pamwamba pa mpweya, yaikulu kawiri imatsitsa mpatawo kufika pafupifupi pa 10, ndipo yaikulu kanayi pafupifupi pa 5. Kuonjezera koyamba kwapulumutsa madigiri 10, kwachiwiri madigiri 5 okha, chonsecho mtengo wake ndi wokulirapo.

Apa mpamene malo okhala amalowa m'nkhani. Tiyerekeze chipinda cha ku Dedza mwezi wa June, mpweya uli pa madigiri 18. Rediyeta yaing'ono ija isunga madzi pa madigiri 38, ndipo palibe chodetsa nkhawa. Makina omwewo tiwatengere ku Nsanje kapena ku Chikwawa mwezi wa October, kumene kutentha kumafika madigiri 40. Madzi afika pa madigiri 60, amene ndiwo malire amene ogulitsa mapampu a D5 amalemba. Rediyeta yaikulu kawiri ikadawasunga pa 50. Tsono chimene kwa munthu wa kumapiri chili chongosangalatsa, kwa wa kuchigwa chingakhale chitetezo cha makina ake. Ndiponso kumbukirani kuti kutentha konse kumathera m'chipinda; mazenera akatsekedwa, mpweya umatentha ndipo madzi amautsatira.

Malangizo kwa wogula

Walira mvula walira matope. Rediyeta yaikulu imabwera ndi ntchito yake. Yatsopano iyenera kutsukidwa m'kati, pakuti tizinyalala ta ku fakitale timakatseka timizere ta m'kabokosi kamkuwa, ndipo kupinga kumene ambiri amanamizira rediyeta kumachokera pamenepo. Madzi a pampope kapena a pachitsime sayenera, chifukwa ali ndi mchere umene umaundana m'njira. Gwiritsani ntchito madzi otcheza opanda mchere, osakaniza ndi mankhwala oletsa ndere ndi dzimbiri, kapena madzi opangidwira ntchitoyi. Musalole mkuwa ndi aluminiyamu kukhudza madzi amodzi, pakuti aluminiyamuyo amadyeka. Tizipsepse ta aluminiyamu ta kunja kwa paipi yamkuwa tilibe vuto, popeza sitikhudza madzi.

Mukadzaza madzi, yendetsani pampu yokha kwa maola angapo, ziwalo zina zonse zili zosalumikizidwa ku magetsi, ndipo muyale mapepala pansi pa zolumikizira kuti dontho lililonse lioneke. Pendeketsani rediyeta uku ndi uku kuti thovu lituluke. M'chilimwe, pamene fumbi lachuluka, pukutani tizipsepse kawirikawiri, pakuti fumbi limapinga mphepo koposa mmene rediyeta ingapingire madzi. Ngati njira yatalika kwambiri ndipo madzi achepadi, pampu yachiwiri yolumikizidwa motsatizana ndi yoyamba imaonjezera mphamvu yokankha, ndiponso imodzi ikafa inzake imapitiriza ntchito.

Pomaliza, si kompyuta iliyonse imene imafuna madzi. Ya mu ofesi kapena ya kusukulu imakwanitsidwa ndi fani yake. Koma kwa iye amene makina ake amadya mawati mazanamazana, mfundo ndi iyi: asaope kukula kwa rediyeta. Ayambe wawerenga mawati a makina ake ndi kutentha kwa chipinda chake m'mwezi wotentha koposa, achepetse zolumikizira zokhota, asankhe pampu yodalirika, kenaka agule rediyeta ya malo a mafani okwanira kusunga madzi pafupifupi madigiri 10 pamwamba pa mpweya.